Kalata ya Nambala 17

Chipale chofewa chikayamba kusungunuka kuno ku Havre
timakumana anthu asanu m'holo ya bungwe lathu,
kuseri kwa shopu ya matayala,
momwe mbaula imakhosomola kuposa ife okalamba.
Patebulo pamakhala khofi wozizira, mapensulo otafunidwa,
ndi mulu wa makalata a ana a anthu apanjanji.

Ndalama zake si zambiri.
Madola awiriawiri odulidwa pamalipiro,
zina za nyama yowotcha imene tinagulitsa m'chilimwe,
ndi envulopu ya kondakitala wina wopuma
amene salemba dzina, ngakhale tonse timalidziwa dzanja lake.
Zimakwana fizi ya chaka chimodzi kukoleji,
mabuku ukalolera kugula akale.

Thumbali timalitchula dzina la Orval Stensrud.
Akanaseka, Orval, mpaka kutsamwa.
Sukulu anaithawa ndevu zisanamere,
malipoti ake ndinkamulembera ndine,
iye n'kumandilipira ndi masangweji a mkazi wake.
Papita zaka makumi awiri ndi zitatu
chimupanireni mabogi awiri usiku wa Januwale,
wayilesi itauma ndi chisanu,
mawu oti "ima" osafika kumutu kwa sitima.
Nyali yake ndinaitola ine.
Inali ikuyakabe.

Mayi Verna, amene anawasiya, amakhala kumapeto kwa tebulo
osavula chikhothi, osalankhula kwambiri.

Chaka chino tinawerenga za wofuna unamwino,
za wina wofuna kuchiza ng'ombe,
kenaka Arlen anatsegula ya nambala 17,
nawerenga dzina, naleka kutafuna.
Jolene Haugland.
Mdzukulu wa Duane, amene ankayendetsa injini usiku umene uja.
Ofufuza anati alibe mlandu, bungwe linamuimira,
koma tauni yaing'ono ili ndi makutu a khoswe ndi mtima wa njovu:
kutchalitchi Duane amakhalabe benchi yomaliza.

Mwanayo analemba kuti:
"Sitima ikalira, agogo anga amaika supuni pansi.
Amawerenga mabogi ndi milomo yokha
mpaka lomaliza litadutsa, chakudya chitazizira.
Ndikufuna kuphunzira zamagetsi ndi mawayilesi
kuti mawu a munthu asamafere m'njira."

Palibe anayang'ana kumapeto kwa tebulo.
Arlen anati mwina tiyambe taona zina.
Ine ndinati magiredi a wa ng'ombe uja ndi abwinonso,
ndipo linali bodza, anali ochepera.

Mayi Verna anatambasula dzanja.
Anavala magalasi, anawerenga kawiri, chala chikutsata mzere,
ndipo anati, "Mwanayu walemba bwino dzina la mwamuna wanga.
Kampani inalilakwitsa pachikwangwani chake chamkuwa."
Basi. Anavula chikhothi, napempha khofi.

Tinavota pa timapepala, m'chipewa cha Arlen.
Anayi anavomera, mmodzi anakana.
Mmodziyo ndinali ine, Orval,
ndikukuuza iwe chifukwa ena sanafunse.
Ndinaganiza kuti ndikukusungira chinachake,
ngati nyali ija, imene ikadali m'galaja mwanga
batire yake itachita dzimbiri.

Koma mlembi wa komiti ndine.
Kalata yoyamikira ndinailemba ndekha,
ndi dzanja lomwe lija linkakulembera malipoti,
ndipo sitampa inandisowa, kapena sindinaifune kwenikweni.

Ndinakwera galimoto kulowera kumpoto kwa njanji,
kumene kuli nyumba yobiriwira yokhala ndi khonde lopendekeka.
Pamphambano belu linalira, mtengo unatsika.
Sitima ya tirigu, yaitali ngati maliro,
inayamba kudutsa mosafulumira.
Ndinazimitsa injini, envulopu ili pamwendo.
Tsidya linalo, pakhonde paja,
ndinkamuona m'mipata ya mabogi,
munthu wa imvi ataima, milomo ikugwedera.
Pofika bogi la makumi anayi
ndinazindikira kuti nanenso ndikuwerenga.