Mdadada wa kwa Nambewe

Dzulo kunabwera munthu wa tepi,
nsapato zake zosadziwa matope a ku Chitete.
Anayeza khonde, anayeza bafa,
anayezanso pomwe timayanika matewera,
koma dzina langa sanafunse.

Akuti pano padzakhala loji.

Zitseko zisanu ndi ziwiri, mpopi umodzi,
mita imodzi ya magetsi yomwe timakanganirana
mwezi ukafika pakati.
Pakhoma pali mizere ya makala,
msinkhu wa Mwatitha wanga chaka ndi chaka.
Imeneyo tepi sinaione.

Nambewe si wouma mtima.
Malata akudontha, shuga wamukwera,
ndipo mankhwala sagula ndi zikomo.

Ndiye usiku tinakhala pa njerwa.
Gelesomu wa kabaza anakhuthula thumba,
Etinala anatapa pa mpamba wa kaunjika,
ine ndinapereka misomali ndi msana.
Tinati: denga tikonza tokha, mayi,
lendi muwonjezeko ngati mchere wa m'ndiwo,
osati ngati mtengo wa feteleza.

Sanayankhe.
Anangoyang'ana phiri la Kasungu mu mdima.

M'mawa uno ndamuona
akuzula zikhomo za munthu uja.
Chimodzi wachisiya, cha kumsewu.
Kaya waiwala,
kaya.