Singano ya Sipoko

Tchuthi chinandipeza nditauma ngati chigumu cha dzana.
Ndinatsika minibasi pa Kaphatenga,
chikwama kumsana, lipoti la mayeso m'thumba,
lopindidwa kanayi kuti masamu asaoneke.

Sabata yoyamba ndinagona.
Yachiwiri ndinawerenga malata a denga:
khumi ndi anayi, limodzi lobooka
pomwe dzuwa limasuzumira cha m'ma teni.
Foni inatha bandulo, ine ndinatha mawu.

Pansi pa bedi panali jumbo yakuda.
Ndinkaidziwa.
Ulusi wa juzi ya pakaunjika yomwe ndinamasula ndekha,
wofiira ngati njerwa yowotcha,
chipewa choluka theka kuyambira Janyuwale,
ndi singano yanga ya sipoko ya njinga
yomwe ndinanola pamwala ndili Sitandade sikisi.
Posesa ndinkailambalala
monga umachitira ndi munthu amene anakukongoza ndalama.

Amayi anafunsa kamodzi: Zolukaluka zija zinathera pati?
Ndinati manja akuwawa.
Manja sankawawa.

Lachitatu lina, mwera ukuthira fumbi zovala pachingwe,
Asiyatu anaodira pakhomo,
ulusi wachikasu uli m'pepala la shuga.
Achemwali ake ndi oyembekezera, mwezi wamawa ndi womwewo,
iye akufuna timasokosi.
Ndinati ndinaiwala.
Anati, Kumbukira msanga, ndasiya nyemba pamoto.

Koma Asiyatu ndi wamanzere.
Ndikati kokera kuno, iye akukokera uko.
Ulusi unamanga mfundo, mtima wanganso unamanga yake.
Kenako tinakhala moyang'anana pamkeka,
mawondo kugundana,
ine kalilole wake, iye kalilole wanga,
ndipo zala zanga, osandipempha chilolezo,
zinayamba kunena zomwe pakamwa panakana.

Nyemba zinapserera.

Mawa lake anabwera ndi Mwandida wa ku Msangu,
amene saluka koma amadziwa yemwe akufunsira yani.
Singano zinachepa.
Lufeyo, wokonza njinga za kabaza pafupi ndi njanji,
anatipatsa masipoko atatu opindika,
nasongola yekha nsonga, uku akutiseka.
Patatha masiku anayi nayenso anali pamkeka,
gilizi m'zikhadabo, atafulatira msewu
kuti anzake a pasiteji asamuone,
akulukira chishalo chovala.
Akuti makasitomala amadandaula.

Sokosi yoyamba ya Asiyatu inatuluka yokwana Lufeyo,
yachiwiri yokwana chala chachikulu basi.
Tinaseka mpaka galu wa aneba anauwa.
Iye anagwira nsonga ya ulusi, nakoka,
ntchito ya masiku atatu inabwerera kukhala mpira,
akuimba kanyimbo ka m'mphuno,
ngati palibe amene wafa.
Ndinamuyang'ana nthawi yaitali.
Ine ndinali ndisanamasulepo kanthu pamaso pa munthu.

Usiku umenewo magetsi anazima.
Ndinakoka jumbo ija.
Tochi ya foni pakamwa, ndinatsata mizere ndi chala
mpaka ndinapeza pomwe ndinaphonya mu Janyuwale:
diso limodzi lodumphidwa,
kabowo kosalowa n'komwe njere ya mpunga.
Miyezi isanu ndi iwiri ndikuthawa kameneka?
Ndinamasula mizere isanu ndi inayi.
Udzudzu unadya, ine osaumva.
Amayi anatsokomola kuseri kwa katani,
osanena kanthu,
koma m'mawa ndinapeza kandulo pawindo.

Sukulu itsegulira Lolemba.
Chipewa chatha, chapendekera pang'ono kumanzere,
Asiyatu akuti chatengera iye.
Mwana sanabadwe.
Timasokosi tikumudikira m'chitini cha mkaka,
kamodzi kotalikirapo, koma mapazi amakula.
Njinga ya Lufeyo yokha pa Salima ponse
ili ndi chishalo chofiira ndi chikasu,
ndipo akukana kunena yemwe analuka.

Lipoti lija ndalifutukula, lili patebulo,
mipindo yake inayi ikuoneka.
Mwandida akuti masamu amawadziwa.
Palibe wamukhulupirira,
koma mkeka sitinaupinde.