Makoko a Buledi

Nkhaka ziwiri ndagula mumsika wa Zomba
kwa mayi uja amakhala pafupi ndi ogulitsa kachewere.
Wandiikira ndimu limodzi la basela,
nati, "Mukapanga kachumbali?"
Ndangoseka. Ndikanayambira pati?

Bambo anga, a Makwinja, ali pakhonde kuno ku Chinamwali,
maso kuphiri, kumene nkhungu yameza kale mapaini.
Zaka khumi ndi zinayi anaphikira dona kumtunda uko,
m'nyumba ya malata ofiira, ya khonde lozungulira.
Masiku ano tsiku salidziwa,
nthawi zina amandiitana dzina la malemu amayi,
koma nditangotulutsa mpeni, mawu awongoka:
"Unole kaye. Wobuntha umaphwanya buledi."

Ndanola pamwala wa pakhomo.
Ndasenda nkhaka, ndayamba kudula.
"Zipyapyale. Dzuwa lizioneka mkati mwake."
Ndakweza kachidutswa kamodzi kuloza kumadzulo,
ndipo lalowadi, lobiriwira,
timbewu titandandalika ngati mano a khanda.

"Waza mchere. Uzisiye zilire."
Ndi mawu awo amenewo, zilire,
ndipo zaliradi, pansi pa mbale pali kadziwe.
Ndazipukuta ndi kansalu koyera.
Batala ndilibe, mtengo wake unatisiya kalekale,
majarini yemweyu, kupaka mpaka m'makona
kuti madzi asaboole buledi.
Dontho la ndimu. Buledi wina pamwamba.

Tsono chija ndimachiopa: kudula makoko.
Mbali zinayi, mpeni utsike kanayi.
Dzanja likukana.
Makoko amenewa ndiwo anatilera ife.
Ankabwera nawo madzulo, okulunga m'nyuzipepala ya bwana,
ana asanu kulimbirana pamphasa,
Ndaona kulira kuti lake n'lalifupi.
Ena ankakhala ndi kafungo ka nkhaka kunsonga
ndipo tinkanong'onezana mumdima:
kumtundako amadya zotani
ngati zotaya zake zikukoma chonchi?

Ndadula mopingasa, tizidutswa ta makona atatu,
ndayala m'mbale ya alendo,
ndaphimba ndi nsalu yonyowa monga anenera.
Magetsi azima. Ketulo ili pambaula.
"Folo koloko yakwana," akutero osayang'ana wotchi,
ndipo foni yanga ikuwavomereza.

Atenga ndi zala ziwiri
monga ankaonera eni ake akutengera.
Acheuka uku, acheuka uku,
ngati wina atulukira pakhomo la kukhitchini.
"Idyani, bambo. N'zanu."
"Sindinalaweko," akutero.
"Ndinadula zingati, ndinadula zingati...
Dona ankawerenga."

Aluma. Atafuna ndi nkhama, pang'onopang'ono.
Kumsewu minibasi ya ku Liwonde yaima,
kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi.
Ine ndikudikira, kapu ikundiwotcha m'manja.

"Ha! Madzi okhaokha!"
Aseka mpaka kutsokomola,
misozi ikutsata makwinya mpaka kuchibwano.
"Zaka zonsezi ndimayesa muli chinthu!"
Nanenso ndaseka,
kapena si kuseka, sindikudziwa,
utsi wa makala unali ukubwera mbali yangayi.

"Makoko aja wataya?"
Sindinataye. Mwana wawo angataye?
Ndawabweretsa pachivindikiro cha poto.
Aviika limodzi m'tiyi, lafewa, lagwera momwemo,
alivuula ndi supuni, maso atatsinzina.
Kenako asankhasankha ndi chala,
apeza lalitali kuposa onse,
aliika padera m'mphepete mwa mbale.
"Ili n'la Ndaona. Amadandaula."

Ndaona ali ku Joni, chaka chachisanu ndi chinayi,
ndipo saimba.

Masangweji atsala asanu ndi awiri pansi pa nsalu,
ana a neba akachoka kumpira adzathana nawo.
Khoko lija ndalisiya pomwe aliika.
Nkhungu yatsika mpaka pa madenga a kumtunda,
ndipo nyerere yoyamba yafika kale,
yalinunkhiza,
yabwerera kukauza zinzake.