Mapepala Awiri pa Tebulo

Epulo wafika, mwezi wa msonkho.
Tayala mapepala pa tebulo la kukhitchini,
lako pafupi ndi buledi, langa pafupi ndi mchere.
Kunja zikepe za pa phiri la Valparaíso zikulira dzimbiri,
china chikukwera, china chikutsika,
chingwe n'chimodzi.

Baltazar, tinkakhala benchi imodzi ku Santiago.
Mtembo woyamba tinautumbula tonse,
iwe unakomoka, ine ndinakumwetsa madzi a shuga.
Lero manambala ako ndi ojintcha,
anga ngati ananyentchera ali khanda.

Ukuti, “Mwina ndi maola a usiku.”
Ndiwerenge?
Usiku wa Chaka Chatsopano, makombola akuphulika pamwamba pa doko,
manja anga anali m'mimba mwa mnyamata wotsitsa katundu m'zombo,
kusakasaka mtsempha wothawa.
Tsiku lotuluka anandigwira dzanja:
“Zikomo anesi. Mukawathokozeko adokotala.”

Ukuti, “Mwina ndi miyezi ija ya Amparo.”
Amparo ali ndi zaka khumi ndi zinayi,
akuvala nsapato zanga osapempha,
koma malipiro anga sanatulukebe m'chikuta.

Ukuti, “Ukanakapempha.”
Ndinapita.
Bwana Echeñique anavula magalasi,
anawapukuta ndi tayi, kupukuta, kupukuta,
kenako anati, “Kodi amuna anu si amalandira bwino?”

Sindikukuimba mlandu, usandiyang'ane choncho.
Mpeni tigwira ndi womwewo,
sopo wosupula zala ndi yemweyo,
ndipo magazi sanafunsepo kuti akuwaletsa ndani.
Koma mayi uja wa chotupa cha m'bere,
amene anafuna mphindi makumi anayi kuti angolira,
anamutumiza kwa ine,
poti ine akuti ndimatha kumvetsera.
Kumvetsera kulibe mzere pa pepala ili.

Watenga pensulo.
Ukuchotsera, ukuchulukitsa ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
milomo ikuyenda ngati mwana wa sukulu.
Wasiya.
Tonse tayizindikira nambalayo:
ndi nyumba ya buluu ija ya ku Cerro Alegre,
ya khonde loyang'ana kunyanja,
imene tinaizungulira kawiri n'kunena kuti si saizi yathu.

Tiyi wazizira. Palibe akuyankhula.
Foni ikunjenjemera pakati pa mapepala awiriwo,
ndi kuchipatala.
Watambasula dzanja mwachizolowezi,
waona pagalasi, wandipatsira.
“Akufuna iwe. Akuti ndi yovuta.”