Kandulo ya ku Mufakose

Bambo ankayatsa kandulo masanasana,
magetsi alipo,
n'kundikhazika patebulo lodulirapo nsalu.
"Nena phala."
Lawi ligwedezeke, ankatero,
koma ukati pala liime chilili,
apo ayi udzapatsa mlendo mpeni m'malo mwa chakudya.

Ine wobadwira ku Mufakose,
lilime litazolowera kugubuduzika
monga la anzanga a kusukulu,
mawu ndinkangowameza ngati mapilitsi.
Iwo ankawaika pansi limodzilimodzi,
ngati mabatani m'chitini.

"Mbale ndi yodyeramo.
Mbare n'kokwerera basi.
Koma m'bale,
apa tseka milomo, dikira pang'ono.
Munthu wako sumuthamangira."

Liwu lawo silinali lalikulu ayi.
Linali ulusi wosokera ovololo,
wopyapyala, wosaduka.
Pamaliro a anthu akwathu ku manda a ku Mbudzi
ndiwo ankawerenga mayina a opereka chipepeso
popanda chinkuzamawu,
ndipo wakumbuyo kwenikweni, wotsamira lole,
ankalimva dzina lake lonse, losadulidwa mchira.

Chaka chatha, m'chisanu cha Julaye,
sitiroko inawagwetsa pambali pa makina.
Ku chipatala cha Gomo anatibwezera bambo
mlomo utapendekera kumanzere,
mawu akutuluka ngati madzi a pampopi wa khonsolo:
kutsokomola, mpweya, mpweya,
kenako dontho.

Tsopano woyatsa kandulo ndine.
Magetsi masiku ano amachoka okha, sitiwapempha.
"Nenani phala."
Lawi limangowayang'ana.
Amamenya tebulo ndi dzanja lomwe latsala,
ine n'kupukuta dovu pachibwano
ngati sindinaone kanthu,
mumtima ndikuchita manyazi
ndi zilembo zonse zimene ndinkataya dala ndili wamng'ono
pofuna kuti andisiye ndikasewere.

Lachinayi lapitali kunabwera a Chimkwita,
mnzawo amene anakwera naye sitima ali anyamata,
kombi ziwiri kuchokera ku Dzivarasekwa,
nthochi zitatu m'pepala.
Bambo anawayang'anitsitsa.
Anatseka milomo.
Anaitseka nthawi yaitali
moti ndinadzuka kuti ndikatenge madzi,
ndikuyesa kuti atsamwa.
Chinamveka cham'mphuno, chapansipansi,
ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo,
kenako:

m'bale.

A Chimkwita anavula chipewa.
Lawi silinagwedezeke n'komwe.
Pa mawu amenewo
silifunika kutero.