Chuku cha Ndaziona

Zaka khumi ndi zinayi ndinabereka sipuleya
ngati mwana wokana kukula,
m'minda ya thonje ku Chinguluwe.
Lamba wake ananditema mphini paphewa.
Ndikaweruka, ngakhale nditsukuluze kangati,
m'kamwa munkawawabe,
ndipo chifuwa mukuchimvachi
ndi malipiro amene sanalembedwe pa lisiti.

Kenako kunabwera ntchemberezandonda zachilendo zija,
zobisala mumtima mwa chimanga.
Tinathira phulusa. Tinathira mchenga.
Asedi anathira sopo waufa,
akazi awo msuzi wa bonya kuti nyerere zibwere.
Masamba anangosanduka sefa.

Ndaziona, mwana wanga wachitatu,
amatsuka mabotolo kwa akafukufuku ku Chitala.
Loweruka lina anatsika pa kabaza
ndi kajumbo ka misere ya mpunga wa ku Lifuwu,
yobiriwira ngati yagona pamvula sabata zitatu.
Ndinati, mwana iwe, zowolazi adye ndani?
Chuku ndimachidziwa ine:
ndi chija chinabwezetsa mtedza wanga pa sikelo,
matumba asanu ndi limodzi,
wogula akupukusa mutu osandiyang'ana.

Anaseka. Anati, bambo, chiwongo chimodzi
si mtima umodzi.
Chija chimadya thukuta lanu,
ichi chimadya amene akukudyerani.

Anatsukuluza misereyo mu ndowa,
nasefa pa chitenje chakale cha mayi ake,
nati tidikire dzuwa lipendeke
poti mbewu ya chukuchi imapsa ndi dzuwa la masana.
Mankhwala oopa dzuwa, kuno ku Salima!
Apo ndinaseka ndine.

M'mawa mwake ndinapita: mbozi zikudya.
Tsiku linalo: zikudya.
Lachitatu ndinatukwana sukulu yonse
pamodzi ndi mbuzi zomwe ndinagulitsa kulipira fizi.
Poizoni wanga ankagwetsa pomwepo,
mbozi, njuchi, tiachule ta m'ngalande,
ndipo ine ndinkati imeneyo ndiye ntchito.

Sabata isanathe ndinafunyulula tsamba
n'kupeza imodzi itauma gwa, ngati kachitsotso,
thupi lonse mbuu,
ngati yafera pachigayo.
Patapita masiku awiri ufa uja unabiriwira.

Ndaziona anaitola ndi kamtengo,
naiika m'kabotolo, nalemba tsiku ndi dzina langa.
Dzina langa, pa maliro a mbozi!
Akuti kambewuko sikadikira kumezedwa.
Kamangotera pakhungu, kamaboola,
kamayala mizu m'kati popanda phokoso,
kamadya mwini nyumba kuyambira kuchipinda,
kenako kamatulukira padenga ndi ana zikwizikwi
kudikira mphepo, kudikira mbozi ina.
Mtembo umodzi, nkhokwe ya mbewu.

Ndisaname, sizinafe zonse.
Mizere ya kumtunda, kouma kuja, inadyedwa ndithu.
Asedi akuti ndi zamatsenga za m'botolo,
abwerera kwa wogulitsa mankhwala pa Khombedza,
ndipo chimanga chawo n'chosalala kuposa changa.
Koma chaka chino mavu akusaka m'munda mwanga,
akangaude ayala maukonde pakati pa mapesi,
ndipo kamdzukulu kanganditsatire kuseri
osachita kukathamangitsa.

Usiku chifuwa chikandidzutsa
ndimaganiza za kamboziko.
Nakonso kankayenda, kankadya, kankadziona kamoyo,
chinthu chikumera m'kati mwake mwakachetechete.
Ine ndinapha mwaukali zaka khumi ndi zinayi,
ndipo ukaliwo wina unatsalira mwa ine.
Zimenezi mwanayo sindimuuza.

Dzulo ndagula misere theka la ndowa
kuti apite nayo ku Chitala.
Si ya phala ayi.
Mayi ake aima pakhomo, manja m'chiuno:
munthu wamkulu, wa imvi zake,
kudyetsa chuku
nkhuku zikuyang'ana?