Chandamale Chonyowa

Lachinayi, mwezi wa Febuluwale, kuseri kwa phiri la Senga,
tagona chafufumimba anthu asanu ndi atatu,
zigongono zazikika m'matope ngati mitengo ya chinangwa.
Mvula inayamba tili pa tiyi.
Tinati ikata.
Sinakate.

Mamita zana kutsogoloko chaima chandamale changa,
pepala lomata pa thabwa, diso lakuda pakati.
Dzulo, dzuwa likuswa mtengo, ndinalibowola kanayi.
Lero disolo likusambira.

Phaa! Dothi ladumpha kumanzere, kutali.
Phaa! Kaya chapita kuti.
Ndaziona, wogona kudzanja langa lamanja,
akutukwana mitambo chamumtima,
ndikumva mano ake akuombana.

Jombo za Sajeni Chikadza zaima pafupi ndi khutu langa.
"Chimbalanga, walasa chiyani?"
"Mvula ikukhotetsa zipolopolo, bwana."
Sanaseke. Anagwada m'matope momwemo,
nagwira mlomo wa chipewa changa pomwe dontho linkalendewera.
"Ili lisanafike pamphuno pako
chipolopolo chafika kale uko.
Mvula ilibe nthawi yochigwira.
Imagwira iwe."

Ndipo ndinayamba kudziwerenga.
Kabowo koyang'anira, dontho lakhalamo phee,
chandamale chimodzi lachisandutsa mapasa.
Thako la mfuti likuterereka paphewa ngati mlamba.
Chala chachita dzanzi,
sichikudziwa ngati chakoka kapena chikuganiza zokoka.
Ndiye kamtsinje kaja kozizira
kolowera pakhosi la malaya, kutsata msana,
kamene kamafika m'chiuno nthawi yomweyo
yomwe wagwira mpweya.

"Uzira kabowoko. Pukuta chikhatho.
Zipolopolo bisa m'khwapa,
chonyowa chimatuluka ndi maganizo ake.
Mpope usamwe madzi.
Ukafuna mdani weniweni, yang'ana mbendera yofiira ija:
mvula ndi mlendo chabe, wamuperekeza ndi mpoto,
ndipo mpotoyo ndiye amakankha."

Kwathu ku Khombedza mvula ndiyo imasenza milandu.
Thonje likakanika, mvula.
Fizi ikasowa, mvula.
Bambo atagulitsa njinga ya amayi
anati chaka chino mvula yatilakwira,
ife n'kuvomera, poti mvula siibwera pabwalo kudzadziyankhira.
Ndinakula ndikudziwa kuti cholakwa chimagwa kuchokera kumwamba.

Ndauzira kabowo. Mapasa abwerera kukhala mmodzi.
Ndakanikiza mfuti paphewa mpaka fupa ladandaula.
Mbendera yagona chakumanzere, ndaba pang'ono kumanja,
pang'ono, ngati mchere wa m'ndiwo za odwala.
Kamtsinje kayamba ulendo wake pamsana.
Ndakalola kadutse.
Kafika.
Mpweya theka kunja.

Phaa.
Phaa.
Phaa.

Utsi wa onga sukwera, ukungokwawa pa udzu.

Tikuyenda kukaona, matope akutivula jombo.
Pepala lafewa ngati phala, inki yayenderera.
Awiri oyamba aja palibe, apita kukalima m'chulu.
Kumunsi kwa diso kuli bowo limodzi lotakata,
long'ambika m'mbali.
Sajeni alowetsamo chala, akupapasa thabwa kumbuyo
ngati namwino wofufuza mtsempha.
"Ziwiri ndazimva. Chachitatu kaya.
Mwina chadutsa m'khomo la anzake,
mwina chili ku Lifuwu kukudya mpunga.
Pepala lonyowa silichitira munthu umboni."
Alemba ziwiri.
Ziwiri sizikhozetsa.

Usiku uno malata akulirabe.
Ndaphwasula mfuti pa bulangete,
kansalu ndi mafuta, chitsulo chilichonse pachokha,
dzimbiri lisapeze pogona.
Ndaziona akupemphera mokweza kuti Loweruka kuche bwino,
tikabwereze kuli ngwee.
Ine ndayankha ameni ndi pakamwa pokha.
Ndikusuzumira mumpope, kuwala kwa babu kukuzungulira m'katimo,
ndipo ndikufuna igwenso.
Ndili nayo nkhani yosatha,
ya chipolopolo chachitatu chija.